Kampango wa pa Waipa

Minibasi za msewu wa kunyanja kuno si magalimoto ayi, ndi chilango. Eni ake kunja anazitaya kalekale, ife n'kutola, n'kumanga ndi mawaya, n'kulembapo vesi kumbuyo. Ndiye munthu ukakwera usamanene kuti ndikupita kwakuti. Uzingoti ndakwera, basi. Kumene ukatsikire akudziwa ndi Mulungu ndi kondakitala, ndipo masiku ambiri kondakitalayo sadziwanso.

AnyaManda a ku Bandawe zonsezi ankazidziwa bwino. Chimwalirire amuna awo, ulendo uliwonse ankayenda okha, ndipo panalibe kondakitala pakati pa Kande ndi Chintheche amene anali asanatukwanidwepo ndi iwo. Koma tsiku limeneli analibe kuchitira mwina. Mwana wawo Stella, wokwatiwa ku Nkhata Bay, anali atangotuluka m'chikuta ndi mwana wamwamuna. Kukaona mdzukulu sikunali vuto. Vuto linali anyaMhone, asewere awo, mayi ake a mkamwini, mzimayi wa pakamwa ngati lumo. Ulendo wathawo anyaManda anapita ndi kathumba ka ufa wa chinangwa, ufa wabwino woyera mbee, anyaMhone n'kukanyamula ndi zala ziwiri pamaso pa azimayi a mpingo, n'kufunsa kuti, "Kodi asewere, ku Bandawe nyanja inaphwa?" Anthu anaseka. Mawu amenewo anyaManda ankagona nawo, kudzuka nawo, kupita nawo ku Umanyano wa azimayi a mpingo, kubwerera nawo. Analumbira kuti ulendo uno akalowa pakhomo paja ndi nsomba yoti pakamwa pa anyaMhone patsekeke.

Mlongo wawo Wallace, msodzi, anawapatsa kampango m'mamawa, wongovuulidwa kumene. Si kampango wamba ayi. Ukamuimika pansi ankafika m'chiuno, mutu ngati chipande, ndevu ngati za mkulu wa mpingo, mchira ukadaphiriphitha. AnyaManda anavala chitenje chatsopano, ambulera kukhwapa, kampango kudzanja, n'kukaima pa msewu.

Minibasi inatulukira ikutsokomola. Pachitseko panalendewera Golden, mwana wa malemu anyaKaunda, bambo wandevu zake, ana ake osawerengeka, koma nzeru za nkhuku.

"Nkhata Bay, Mzuzu! Nkhata Bay, Mzuzu! Ama, kwerani, mpando wanu ukukudikirani!"

"Iwe Golden, ikufika ku Nkhata Bay imeneyi?"

"Ama, ngakhale ku Tanzania."

"Ndakufunsa za Tanzania ine?"

"Ikufika, ama. Patseni nsombayo."

Kuno nsomba yaiwisi silowa m'kati mwa minibasi. Imamangiriridwa panja, pa waipa wa galasi la kutsogolo, kuti mphepo iziiomba isawonongeke, komanso madzi ake asadonthere zovala za anthu. Aliyense amadziwa zimenezo. Golden anapisa mlaza m'makha mwa kampango, n'kumanga mfundo pa waipa wa mbali ya kumanzere. Dalaivala wake, Mackson, anasuzumira n'kuimba mluzu.

"Ama, uyu alipira mpando wakewake. Wanditsekera theka la msewu."

"Theka linalo sulionanso iwe," anatero anyaManda. "Yendetsa."

Anafika pa siteji ya Chintheche bwinobwino, kampango akuvina kutsogolo, anthu m'mbali mwa msewu akuloza. Pa Chintheche minibasi inaima. Inaima. Inaimabe. Mackson ankangoliza injini, vuum vuum, kusuntha pang'ono, kubwerera, kuti opusa aziganiza kuti ikunyamuka. Dzuwa linakwera. Kenaka kumbuyo kunaima minibasi ina yobiriwira, Golden n'kunong'onezana ndi kondakitala wake, kenaka chiphokoso.

"Tsikani, tsikani nonse! Kwerani iyo! Iyo ndiye yachangu! Fulumirani, ikusiyani!"

Kumeneku ndiye amati kugulitsa anthu. Iwe wakhala phee ukuganiza za kwanu, osadziwa kuti anzako akutsatsa ngati mbuzi. Anthu anakhuthukira panja mbwee, kukankhana, zikwama pamutu, ana kulira. AnyaManda anangozindikira ali pampando wa kumbuyo kwenikweni kwa yobiriwirayo, mwendo umodzi pa thumba la makala, wina sakuudziwa komwe uli, ndipo pambali pawo bambo wina wa tayi, aphunzitsi a Jeremiah ochokera ku Dedza, amene ankapita ku ofesi ya maphunziro ku boma. Chitseko anachikweza n'kuchimanga ndi chingwe. Galimoto inanyamuka.

Aphunzitsi aja anacheuka pawindo la kumbuyo.

"Pepani mayi, kodi si nsomba yanu ikupita apoyo?"

AnyaManda anacheuka. Minibasi ya Golden inali itatembenuka, ikuthamangira kumwera komwe anachokera, ndipo pamene inkakhota anaona mchira wa kampango ukukupiza ngati ukutsazika.

"Imani! Imani, afiti inu! Nsomba yanga!"

Koma mawu ochokera mpando wa kumbuyo amayenda ulendo wautali. Anadutsa pa makala, pa mayi wa mapasa, pa agogo ena ogontha amene anawasintha kukhala moni, ndipo pofika kwa dalaivala wayilesi inali ikuimba kwaya. AnyaManda anayamba kumenya denga ndi ambulera, dzimbiri likugwera anthu m'maso. Galimoto inakaima pafupi ndi mlatho wa Luweya. Kuti atuluke anayenera kutsika anthu onse, ndi makala omwe, ndipo aliyense anatsika ndi mawu ake.

"Nsomba imodzi yokha, tonse tivutike?" anatero kondakitala wa yobiriwirayo.

"Amako anakuberekera pa siteji," anayankha anyaManda, n'kuwoloka msewu.

Anakwera ina yopita kumwera. Atangodutsa Chintheche, asanafike n'komwe pokhotera ku Bandawe, kutsogolo kunatulukira minibasi ikuthamanga, ndipo pagalasi pake, ndevu zikuuluka, kukamwa yasa, panali kampango wawo akupita kumpoto. Pyoo! Wadutsa.

"Imani!"

Anatsika. Anawoloka. Anakwera ina yopita kumpoto, yodzaza moti anakhala pamiyendo pa mnyamata wa m'tchalitchi mwawo amene anapemphera njira yonse. Akulowa mu Chintheche, pyoo! Kampango uja akupita kumwera, ndipo ulendo uno anyaManda analumbira kuti anawayang'ana.

Anatsika pa siteji thukuta lili kamukamu, chitenje chatsopano chitada ndi makala. Mayi wina wogulitsa nthochi, amene anaona zonse chiyambire m'mawa, anawakodola.

"Ama, khalani apa pamthunzi. Mukudzivutitsa chabe. Ya Golden sipita kulikonse."

"Sipita kulikonse bwanji, ndaiona ndi maso anga ikupita konsekonse?"

"Imangozungulira. Kande, Chintheche, Kande, Chintheche. Itola anthu, igulitsa, ibwerera. Ku Nkhata Bay sinapondeko chiyambire mvula ya chaka chatha. Musaithamangire. Ibwera yokha ngati chimfine."

AnyaManda sanakhale pamthunzi. Anakaima pakati pa msewu, pamzere woyera, miyendo tang'a, ambulera m'manja ngati mkondo. Njinga zinkawalambalala. Lole ina inaliza hutala mpaka kutopa, n'kuwazungulira. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Kenaka kutsokomola kuja kunamveka, ndipo minibasi ya Golden inatulukira. Mackson anapopa mabuleki ndi mwendo wonse, kupopa, kupopa, galimoto n'kudzaima mphuno ya kampango itagunda chifuwa cha anyaManda.

"Ama!" anatero Golden akumwetulira mano onse. "Takufunani tsiku lonse!"

"Mwandifuna kuti? Ku Kande?"

"Konsekonse, ama."

"Masula nsomba yanga."

Golden anakanda m'mutu, n'kuyang'ana Mackson. Mackson anayang'ana kumwamba.

"Ama, tikambirane ngati anthu akuluakulu," anatero Golden motsitsa mawu. "Nsomba iyi ili ndi mwayi. Anthu akaona nsomba pa waipa amadziwa kuti galimoto iyi ili paulendo weniweni, mwini nsomba akuthamangira kutali. Ndiye lero sitikuitanira n'komwe. Akungokwera okha. Chiyambire ntchito sitinadzazepo chonchi. Tibwerekeni mpaka madzulo."

"Ndikubwereke?"

"Mawa tikupatsani ulendo waulere."

"Wopita kuti, poti supita kulikonse?"

Apa m'kati mwa minibasi munamveka mawu odziwika. "Pepani, kodi akuti sipita kulikonse?" Anali aphunzitsi a Jeremiah, tayi itapotokera kuphewa. Yobiriwira ija inawagulitsa kwa ina, inayo n'kuphulika tayala, ina n'kuwabweza ku Chintheche kukamwetsa mafuta, n'kuwagulitsanso, mpaka anapezeka pampando womwe anakhalapo m'mawa. "Ine ndinakwera chifukwa ndinaona nsomba," anatero mwachisoni. "Ndinati iyi ndiye yotsimikiza."

"Nafenso!" anthu ena anayankhira.

AnyaManda anaganiza msanga. Akamasula nsomba n'kukwera ina, awagulitsanso, ndipo dzuwa silidikira munthu. Anazungulira galimoto, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo, n'kukankhira mnyamata amene anakhala pamenepo pakati, n'kukhala. Minibasi ya Mackson inalibe kiyi. Pamalo pa kiyi panali sikuludilaiva ya chigwiriro chofiira. AnyaManda anaizula. Injini inatsokomola kamodzi n'kufa. Sikuludilaiva ija anaiponya m'kati mwa bulauzi, kumene mwamuna wanzeru sangayerekeze kupisako dzanja.

"Nsomba yanga yakugwirirani ganyu chiyambire m'mawa," anatero. "Tsopano inu mugwire ganyu yake. Imapita ku Nkhata Bay."

"Ama, ku Nkhata Bay kuli mapiri," anadandaula Mackson. "Galimoto iyi ndi ya kuchigwa. Ikaona chitunda imalira."

"Ilira tonse tikumva."

"Mafuta ndi ochepa."

"Wadzaza tsiku lonse, ukamwetse."

"Nkhata Bay!" anakuwa aphunzitsi a Jeremiah, amene chibadwire anali asanakuwepo pagulu. "Munanena nokha! Nkhata Bay!" Anthu onse anagwirizana nawo, ena akumenya mipando. Golden anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amugulitse anthuwo, koma panalibe kondakitala wofuna kugula gulu lokwiya lokhala ndi anyaManda m'kati.

AnyaManda anabweza sikuludilaiva atamulumbiritsa Mackson pa manda a abambo ake. Amuna anatsika n'kukankha, injini inadzuka, ulendo unayambika.

Mpaka kupitirira Luweya zinthu zinayenda. Atafika ku mitengo ya labala, kumene msewu umayamba kukwera, galimoto inachitadi zomwe ananena Mackson. Inalira. Inanjenjemera. Inayamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono ngati munthu wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba. Golden analumpha ndi mwala umene ankasungira ntchito imeneyi pansi pa mpando, n'kutchinga tayala.

"Amuna tsikani! Azimayi onenepa tsikaninso!"

"Wanenepa ndani?" anafunsa mayi wina.

"Amene wayankhayo."

Anakankha chitunda choyamba. Anakwera. Anakankha chachiwiri. Aphunzitsi anavula tayi n'kumanga nayo chitseko, chifukwa chingwe chomangira chitsekocho chinali chitaduka. AnyaManda okha sanatsike. Anakhala kutsogolo manja pachifuwa, akuyang'anira kampango wawo ndi kulamula kuti, "Kankhani ngati mwadya!"

Kenaka mvula. Ya ku Nkhata Bay sichenjeza munthu, imangoti khuthu. Galasi linachita mdima, ndipo Mackson, mwachizolowezi cha dzanja, anayatsa mawaipa.

Wa kumanja unali utafa kalekale. Wa kumanzere, umene unali ndi kampango, unali wamoyo. Unabuula, unadzikoka, n'kunyamula kampango yense mpaka pakati pa galasi. Kampango anayang'ana m'kati mwa galimoto, maso ndi maso ndi Mackson, n'kutsika. Anakweranso, thapsa! mchira pagalasi. Mayi wina anakuwa kuti Yesu. Ulendo wachitatu waipa unati thyo! ndipo kampango ndi waipa womwe anatsetsereka n'kugwera m'matope m'mbali mwa msewu.

"Imani!"

Tsiku limenelo mawu amenewa anyaManda anali atawanena mokwanira moyo wonse. Anatsika okha mvula ikuwamenya, n'kutola nsomba yawo, n'kuitsuka m'madzi oyenda m'ngalande, n'kubwera nayo m'kati. Mfundo ya Golden inakana kumasuka, ndiye waipa unabwera nawo limodzi. Anaika kampango pamiyendo ngati mwana.

Mawindo anali otseka chifukwa cha mvula. Sipanatenge nthawi. Woyamba kutsokomola anali Mackson. Kenaka mzere wachiwiri. Kenaka fungo linafika kumbuyo, mwana wina n'kuyamba kulira. Nsomba imene yakhala padzuwa kuyambira m'mawa, kuima pa siteji iliyonse pakati pa Kande ndi Chintheche, mphepo singaipulumutse. Maso anali atalowa m'kati. Mimba inali itatupa ngati ng'oma.

"Pepani mayi," anatero aphunzitsi a Jeremiah atatseka mphuno ndi kolala, "nsombayi ikuoneka ngati yatopa."

"Mwatopa ndinu."

"Ama," anayesa Golden, "tingoiponya m'tchire, afisi athokoze."

"Uyambe ndiwe kuponyedwa. Nsomba iyi ndi ya lero. Amene akumva fungo adzinunkhize yekha."

Anthu anatsegula mawindo. Kunyowa kunali bwino.

Atafika ku Nkhata Bay mvula inali itakata. Mackson anafuna kuima pa depoti, koma anyaManda anangoloza njira ndi waipa, mchira wa kampango ukumukwapula pa bondo. Analowa kanjira ka matope, kukhota, kutsika, mpaka pakhomo pa anyaMhone penipeni.

"Liza hutala."

Pa zinthu zonse za galimoto imeneyo, hutala yokha ndiyo inali yatsopano. Inalira mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Anthu anatuluka m'nyumba, azimayi a mpingo aja ali pomwepo, ana akuthamanga. Minibasi siifika pakhomo pa munthu pokhapokha pali ukwati kapena maliro. AnyaMhone anatuluka akumanga duku, Stella pambuyo pawo ndi khanda, mkamwini Griffin akusuzumira pawindo.

AnyaManda anatsika pang'onopang'ono, matope mpaka m'mawondo, n'kukweza kampango m'mwamba ndi manja awiri, waipa ukulendewera.

"Haaa!" anthu anatero. Ataima patali ankaona kukula kokha.

"Asewere," anatero anyaManda mokweza kuti wa kumapeto amve, "ndabwera kudzaona mdzukulu wanga. Kandiwo aka, musakanyoze."

AnyaMhone anayandikira. Mphuno yawo inagwedezeka. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana khamu la anthu, n'kuyang'ana nsomba yofika m'chiuno, n'kuyang'ana minibasi yathunthu imene yaperekeza. Mphatso yobwera kudzaonera khanda sikanidwa, ndipo akanati yaola, ndani akanakhulupirira? Akanati ndi nsanje. Anatseka pakamwa. Anapinda mawondo pang'ono, n'kulandira ndi manja awiri, mpweya ataugwira.

"Yewu, asewere," anatero ndi mawu opyapyala. "Mwavutika."

"Ama," ananong'ona Stella m'khutu mwa mayi ake, "yaola iyi."

"Iwe yamwitsa mwana. Usadye, koma usalankhule."

AnyaMhone, pofuna kugawana tsoka, anatembenukira ku minibasi. "Alendo nonse tsikani, mudye nafe!" Anthu amene anakankha galimoto monyinyirika zitunda zonse zija anaikankha tsopano ngati anyamata a mpira. Aphunzitsi a Jeremiah anali patsogolo, ofesi ya maphunziro itatsekedwa kale, koma akuthamanga ndi mtima wonse. Golden anakuwa ali patali kuti waipa abweze. Azimayi a mpingo, mphepo itatembenuka, anakumbukira miphika yawo. Griffin anakumbukira kuti kuli kwaya.

Anaphika anyaMhone okha, nkhope atatembenuzira kumbali. Anathira tomato yense wa m'nyumba, anyezi, mchere, tsabola wodzaza dzanja. Anakhala pamphasa awiriwiri, mbale pakati, nsima ya kondowole pambali.

"Yambani, asewere, ndinu alendo."

"Yambani ndinu, ndakutengerani inu."

Anayamba limodzi. AnyaManda anameza nthongo yoyamba misozi ili m'maso.

"Kukoma," anatero.

"Kwambiri," anayankha anyaMhone, thukuta likutsika. "Tengani mutu uwu, ndi wa alendo."

"Ndiye inu tengani pamimbapa, ndi pamene pali mafuta."

Aliyense ankadikira kuti mnzake anene kuti yaola. Palibe ananena. Uyu akaika fupa pansi, uyo amuwonjezera. Mphaka anabwera, ananunkhiza, anachoka. Azimayi awiriwo anadya mpaka mbale inayera, n'kusamba m'manja, n'kuthokozana mwaulemu wonse.

Kunja kutangoyamba kuyera, anyaManda anatuluka m'nyumba chowerama, akuyenda timasitepe tating'ono, kulunjika ku chimbudzi kuseri. Pakhomo pa chimbudzi anakumana ndi anyaMhone, nawonso chowerama, dzanja pamimba. Onse awiri anawongoka nthawi yomweyo.

"Mwadzuka bwanji, asewere?"

"Bwino kwambiri. Ndimangoyendayenda, kuona maluwa anu."

"Inenso ndimaona nkhuku. Ngati mukufuna kulowa, lowani. Alendo ayambe."

"Ine? Ayi, ndilibe nazo ntchito. Lowani eni nyumba."

"Inenso ndilibe changu."

Anaima. M'mimba mwa wina munagunda ngati mvula ya kumapiri, ndipo aliyense anayang'ana mnzake. AnyaMhone anapingasa miyendo. AnyaManda anagwira mtengo wa papaya n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya Umanyano, mano ataluma. Tambala analira. AnyaMhone anayamba kusintha nkhope, kuchoka pa ulemu kupita pa mantha. Kenaka anati, "Mayo ine!" n'kudumphira m'kati, chitseko phaa!

AnyaManda anakweza chibwano, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali mboni. Panali Stella pakhonde, akuyamwitsa.

"Waona?" anatero anyaManda. "Wayamba ndi iyeyo. Ukawauze a mpingo."

Atatero anakwinya chitenje m'manja n'kuliyatsa liwiro kulowera m'munda wa chinangwa wa aneba.